Mutu 6: Maso Achikasu a Bwanamkubwa

1. Lamulo la m'nyumba

Kunyumba kwa Kamlomo kunkacha msanga kuposa nyumba zonse za mumsewu wawo. Isanakwane sikisi koloko, geti linali litayamba kale kulira, makolo akusiya ana awo kuti athamangire kuntchito. Amayi ake a Kamlomo ankasunga ana asanu ndi awiri pabalaza pawo. Mipando anaikankhira kukhoma kalekale, ndipo pakati pankakhala timatiresi tating'ono, zidole zothyoka miyendo ndi phokoso losatha. Bambo a m'nyumbamo ankayendetsa galimoto yaikulu ya katundu, moti ankatha masabata ali pamsewu.

Dzina lakuti Kamlomo sanalitole panjira. Mtsikanayu, yemwe anali Fomu 2, ankayankhula kuyambira podzuka mpaka pogona, ndipo amayi ake ankati wailesi imapumako magetsi akazima koma mwana wawoyu ayi. Ankanena choncho akuseka, chifukwa pa ntchito analibe naye mawu. Akaweruka kusukulu, Kamlomo ndiye ankachapa tinsalu togonera ta ana onse. Kansalu kalikonse kanali ndi ulusi wa mtundu wakewake wosokeredwa pakona: wofiira wa mwana wa atelala, wobiriwira wa kamtsikana ka amakanika, wakuda ndi woyera wa mapasa a aphunzitsi, choncho mpaka onse kukwana.

Mwana wachisanu ndi chitatu sankachita kumubweretsa, popeza anali wa m'nyumba momwemo. Ameneyu anali mlongo wake wa Kamlomo, wa zaka zinayi, ndipo aliyense ankamutchula kuti Bwanamkubwa. Ankayenda manja ali kumbuyo ngati kapitawo, akuuza anzake poti akhale, ndipo kapu yake sinkagwiridwa ndi munthu wamba. Kamlomo ankamukonda kwambiri mwanayu, moti akalamulidwa ankangoyankha kuti, "Chabwino bwana," n'kuchitadi zomwezo.

M'nyumbamo munali lamulo limodzi lomwe amayi sankaseka nalo. Zochitikira mwana wa munthu ankauza kholo lake lokha basi. Lamuloli linali ndi chiyambi chake. Chaka china amayi anatsina khutu mayi wina kuti mwana wa mnzake ali ndi zipere, asamale. Madzulo ake azimayi awiriwo anatukwanizana pageti msewu wonse ukuonerera, ndipo kamwana ka zipere kaja kanatha miyezi anzake akukathawa. Amayi analira tsiku limenelo, nalumbira kuti sadzabwerezanso.

"Tamvera iwe Kamlomo," ankatero nthawi ndi nthawi, akupinda naye tinsalu. "Anthuwa akamatisiyira ana, amatisiyiranso ulemu wawo. Mwana akadziipitsira, akasanza, akabwera ndi malaya ong'ambika, zimenezo si nkhani zoti uzikacheza nazo kusukulu kapena pampopi. Pakamwa pako mpofewa, ndikukudziwa, wakulira m'manja mwangamu. Ukamatuluka pageti, za ana a eni uzizisiya mkati muno. Ine ndinaonapo mwana akudya yekha pakona chifukwa cha pakamwa panga, ndipo sindikufuna kudzaonanso zotero. Wandimva?"

Kamlomo ankamva, ndipo chodabwitsa n'chakuti ankasungadi. Ankatha kukamba za mpira, za aphunzitsi a masamu, za galu wa oyandikana nawo, koma za ana a pabalaza ankangoti chete.

2. Sabata ya zochapa zambiri

Kumayambiriro kwa mwezi wina, matenda a m'mimba analowa pabalaza osagogoda. Anayambira kwa mwana wa atelala, amene anasanza Lolemba masana atangomaliza kudya. Lachitatu mapasa a aphunzitsi anatsegula m'mimba onse awiri, pakuti iwo chilichonse ankachitira limodzi. Lachinayi kamtsikana ka amakanika kanatentha thupi, maso ali psuu, mamina ali chuchuchu. Pofika Loweruka Bwanamkubwa naye anagwidwa, ndipo ubwana wake anakauchitira kuchimbudzi.

Kamlomo anachapa sabata imeneyo mpaka zala zinachita makwinya. Chingwe choyanikira chinadzaza, tinsalu tina n'kumayanikidwa pampanda. Panalibe wodziwa bwino mmene matendawo anayendera kuposa iye, chifukwa ulusi wa pakona unkamuuza mwini wa kansalu kalikonse kodetsedwa.

Amayi anasunga lamulo lawo. Kholo lililonse linauzidwa za mwana wake yekha, ndipo lililonse linapita kwawo likuganiza kuti mwanayo watola kenakake pansi n'kudya. Patapita masiku angapo ana onse anachira, phokoso linabwerera, nkhani n'kuiwalika.

Patatha masabata atatu, Bwanamkubwa anayamba kukana chakudya. Analeka kulamula anzake, n'kumangogona pakona atakumbatira galimoto yake ya pulasitiki. Loweruka m'mawa Kamlomo anamutulutsa panja kuti amusukusule. Atamukweza chibwano, anaona kuti moyera mwa maso ake mwasanduka mwachikasu ngati pakati pa dzira lophika. Anaitana amayi. Amayi anati nawonso adabwa m'mawawo poona mkodzo wa mwanayo uli wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Sanachedwe ndi mafunso. Anamubereka kumsana, Kamlomo ananyamula chikwama, ulendo wa kuchipatala.

3. Tizilombo tosapezeka

Kuchipatala anamugoneka m'chipinda cha ana, pabedi la pafupi ndi zenera. Anamutenga magazi kawiri, namuika diripi pamkono. Amayi anakhala naye komweko, ndipo ana a pabalaza anatsala m'manja mwa mng'ono wawo wa amayi.

Lachiwiri masana Kamlomo anafika ali m'yunifolomu, atanyamula zovala zochapa. Anapeza adokotala ali pabedipo. Anali amayi achikulire a imvi, magalasi awo akulendewera pakachingwe m'khosi. Ankayankhula mosathamanga, ngakhale kuti odwala owadikira anali mbwee.

Adokotalawo anafotokoza kuti chiwindi cha mwanayo chatupa, n'chifukwa chake maso asanduka achikasu. Anati pali tizilombo tisanu todziwika bwino timene timatupitsa chiwindi, ndipo amatitchula ndi zilembo A, B, C, D ndi E, koma m'magazi a mwanayu sanapezemo ngakhale kamodzi. Matenda akuoneka, koma chowayambitsa chabisala. Anafunsa ngati mwanayo anamwapo mapilitsi a akuluakulu, mankhwala azitsamba, parafini kapena mankhwala a makoswe. Amayi anakana zonsezo, ndipo ankanena zoona.

Kenako adokotala anafunsa kuti, "Nanga masabata apitawa anadwalapo? Ndipo kodi alipo ana ena osewera naye amene anadwala nthawi yomweyo?"

Amayi anayang'ana pansi. "Iyeyu anatsegula m'mimba masiku awiri. Ana ena ayi, palibe."

Kamlomo anatsegula pakamwa, koma diso la amayi linamupeza mawu asanatuluke. Anatseka. Adokotala anadikira pang'ono, analemba kenakake pafayilo, n'kunena kuti akhala ali mu ofesi ya kumapeto kwa khonde mpaka folo koloko, ngati angakumbukire china chilichonse ngakhale chooneka chachabechabe.

4. Pampopi wotsukira makapu

Amayi anamukokera Kamlomo kumpopi wa kunja kwa chipindacho, n'kutsegula madzi kuti anthu asamve.

"Ndakuona mmene umatafunira mawu muja," anatero motsitsa mawu. "Usaganize kuti ndine wouma mtima. Mwana wagona apoyo ndi wanga, ndinamubala ndine. Koma taganiza bwino. Ndikanena kuti ana asanu anadwala m'nyumba mwanga, mawa kufika anthu azaumoyo ndi makope awo, msewu wonse uona. Anthu ati kwathu n'kwauve, ati ndinkabisa matenda. Makolo achotsa ana awo mmodzimmodzi, ndipo amene anadwala aja azilozedwa zala ngati kamwana ka zipere kaja. Zaka khumi ndasunga ana a eni popanda wondinenera choipa. Komanso ana aja anachira kale, akudumphadumpha. Kutsegula m'mimba kwa masabata apitawo kukugwirizana bwanji ndi chiwindi? Usandichititse manyazi pagulu, mwana wanga."

Kamlomo anawamvetsa amayi ake, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Anabwerera pabedi kuti akatsanzike. Bwanamkubwa anali maso, milomo itauma, khungu nalo litayamba chikasu. Anagwira chala cha mlongo wake.

"Achemwali, chonde mundipatseko madzi."

Chibadwire mwanayu anali asananenepo kuti chonde. Madzi ankachita kuwaitanitsa ngati mwini hotela. Kamlomo anamumwetsa pang'onopang'ono misozi ikulengeza, ndipo mantha enieni anamugwira kwa nthawi yoyamba. Wotchi yapakhoma inkasonyeza kuti kwatsala mphindi makumi awiri kuti folo ikwane.

Akanatha kunamizira kuti akupita kunyumba n'kuzembera ku ofesi ija amayi osadziwa. Sanatero. Anaima pamaso pa amayi ake manja atawagwirizira kutsogolo mwaulemu.

"Amayi, lamulo lanu ndalisunga zaka zonsezi, ndipo kusukulu sindinanenepo za mwana wa munthu. Koma lero ndikukawauza adokotala. Sindikufuna kupita mobisa. Tiyeni tonse, mukamve zimene ndikanene."

Kamlomo anatembenuka n'kuyamba kuyenda. Kumbuyo anamva amayi akupempha mayi wa pabedi loyandikana kuti awayang'anireko mwana, ndipo atafika pakati pa khonde anamva masilipasi awo akubwera pambuyo pake.

5. Zimene wochapa ankadziwa

Mu ofesimo Kamlomo anafotokoza zonse, kuyambira Lolemba lija mpaka Loweruka: amene anasanza, amene anatsegula m'mimba, amene anafiira maso, ndi masiku amene aliyense anatenga kuti achire. Mayina a ana sanatchule. Anangoti wa ulusi wofiira, wa ulusi wobiriwira, a ulusi wakuda ndi woyera.

Adokotala anavala magalasi n'kuyamba kulemba. Anamufunsa kuti masiku onsewo akuwakumbukira bwanji, ndipo iye anayankha kuti munthu amene wachapa nsalu zotero saiwala msanga. Adokotala anaseka, nanena kuti ophunzira awo ena salongosola nkhani ya wodwala mwadongosolo chonchi. Kenako anafunsa chimene anawo amapukutira m'manja akasamba.

Amayi, amene nthawi yonseyi anangoima pakhomo, ndiwo anayankha. Anati pali thaulo limodzi lalikulu lopachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo amalichapa tsiku lililonse madzulo.

"Khalani pansi, mayi, pano si pabwalo la milandu," anatero adokotala. "Matenda a m'mimba amalowa paliponse pamene pali ana ambiri, ngakhale m'nyumba yokolopedwa katatu patsiku. Pali tizilombo tina ta mtundu wa mavairasi timene timayambitsa chimfine, kufiira kwa maso, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ana ambiri amachira okha m'masiku ochepa, monga anachitira anu aja. Koma madokotala akhala akuona kuti mwa ana ena owerengeka chiwindi chimadzatupa pambuyo pake, ndipo akukayikira kuti mwina tizilomboti timatengapo mbali. Ndikuti mwina, chifukwa nkhaniyi ikufufuzidwabe, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti ndapeza kale chimene chadwalitsa mwana wanu. Koma tsopano ndadziwa koyang'ana. Lero lomwe titenga chimbudzi chake, timadzi ta kukhosi ndi magazi ena, titumize kokayeza. Chiwindi tizichiyeza tsiku lililonse, ndipo chikayamba kufooka timutumiza msanga kuchipatala chachikulu, osadikira."

Anavula magalasi n'kuwayang'ana amayi m'maso.

"Kusunga chinsinsi cha mwana wa mnzanu ndi khalidwe labwino, musalisiye. Koma matenda opatsirana si chinsinsi cha mwana mmodzi. Mukawabisa, wovutika ndi mwana yemwe mukumutetezayo, chifukwa kholo lake silidziwa choti liyang'ane. Simuyenera kutchula dzina la mwana aliyense, mwaona mmene wachitira mtsikana wanuyu. Ingouzani kholo lililonse kuti m'nyumbamo munadutsa matenda, ndipo liyang'ane zinthu izi: maso kapena khungu lachikasu, mkodzo wakuda, chimbudzi chotuwa, kusanza kosaleka, ndi tulo tachilendo toti mwana akuvuta kudzutsa. Akaona chimodzi mwa zimenezi abwere naye tsiku lomwelo. Ndipo thaulo lija lipume pa ntchito. Mwana aliyense akhale ndi lakelake, asambe m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi komanso asanadye, ndipo wotsegula m'mimba akhale kaye kwawo mpaka achire."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kufunsa funso limene analisunga kuyambira Loweruka: ngati mwana wawo achira.

"Ambiri amachira, mayi, ndipo wanuyu mwabwera naye nthawi yabwino," anayankha adokotala. "Koma sindilonjeza zimene sindinazione. Tiyeni tigwire ntchito."

6. Mafoni atatu

Atatuluka mu ofesimo, Kamlomo anayenda pambuyo akudikira kukalipiridwa. Amayi anaima pafupi ndi benchi, natembenuka, n'kumukonza kolala ya yunifolomu imene inali itapindika.

"Ndinachita mantha, mwana wanga, ndipo manthawo ananditseka m'maso," anatero. "Wachita bwino kunditenga, osandizembera. Koma usazolowere kukoka amayi ako m'makonde ngati mbuzi."

Kamlomo anaseka misozi ikutsika, ndipo amayi anamukumbatira pomwepo anthu akudutsa. Kenako anakhala pabenchipo n'kutulutsa foni. Anati ayamba ndi makolo a ana amene anadwala, enawo awaimbira pambuyo.

Oyamba anali aphunzitsi. Anati mapasa ali bwinobwino, moti panopa akwera patebulo. Anathokoza, koma anafunsanso chifukwa chake sanauzidwe nthawi yomwe ija. Amayi sanazungulire. Anati analakwitsa, ndipo apepesa.

Achiwiri anali atelala. Iwo anapsa mtima. Anati mwana wawo alibe vuto lililonse, koma kuyambira mawa azikhala naye kushopu, ndipo anadula foni amayi asanamalize kupepesa. Zimene amayi ankaopa zija zinali zitayamba. Nambala yachitatu Kamlomo ndiye anawaimbira, n'kuika foni pakati pawo kuti onse azimva.

Amakanika anayankha ali kugalaja, kumbuyo kukumveka kugogoda kwa zitsulo. Amayi anafotokoza monga anachitira kwa enawo. Bamboyo anawadula mwaulemu, nati mwana wawo sanapite n'komwe kunyumba kuja dzulo ndi lero. Anati ankadandaula kutopa, ndiye anangomutenga kuntchito, ndipo wagona pampando wakumbuyo wa galimoto ina imene akukonza. Anasekanso pang'ono, nati mwanayu tulo amatikonda, wagona chigonere kuyambira m'mawa osadya n'komwe.

Amayi ndi Kamlomo anayang'anana.

"Bambo, siyani kaye zimene mukugwirazo," anatero amayi. "Mudzutseni mwanayo, mutuluke naye powala, muyang'ane moyera mwa maso ake. Foni musadule."

Kugogoda kwa zitsulo kunaleka. Kunamveka chitseko cha galimoto chikutseguka, kenako mawu a bamboyo akuitana mwana wawo kamodzi, kawiri, katatu. Kamlomo anagwira mkono wa amayi ake. Kumapeto kwa khonde, adokotala aja anali akukhoma ofesi, chikwama chili paphewa.

"Mayi," anatero amakanika, mawu atasintha. "Maso ndawaona, ndi achikasu. Koma mwanayu akungondiyang'ana. Sakundizindikira."

"Munyamuleni mubwere naye kuno pompano," anatero amayi ataimirira. "Iwe, kawaimitse adokotala asanatuluke."

Kamlomo anali atayamba kale kuthamanga.